Maseva Awiri a Jaffalie

Panali munthu wina ku Mangochi kuno, dzina lake Jaffalie, amene ankasamalira makompyuta pa chipatala china cholipira cha kumsewu wa ku Monkey Bay. Amene anandiuza akuti zinachitikadi. Chipatalacho chinagula maseva awiri, makompyuta akuluakulu oyendetsa ntchito zonse, ndi bokosi limodzi losungiramo mafayilo a odwala onse, kuti seva imodzi ikafa, inzake izipitiriza ntchito.

Amene anadzalumikiza makinawo ndi mayi Victoria a ku Blantyre. Asanakwere basi anamulangiza kuti, "Masevawa amamvana kudzera pa waya uyu. Akasiya kumvana, imodzi imazimitsa inzake. Chitetezo chimenecho musadzachichotse, a Jaffalie. Onse awiri akamalemba m'bokosimo nthawi imodzi, mafayilo amasanduka phala."

Koma magetsi akwathu mukuwadziwa. Akangophethira, seva imodzi inkazimitsidwa, alamu n'kumalira mpaka anamwino kumuimbira Jaffalie kuti adzaidzutse. Lachisanu lina foni inamulirira ali pamzere mumzikiti, a shehe n'kumuyang'ana ndi diso loipa. Anatuluka manyazi atamugwira, n'kukadandaula pa gulu lina la WhatsApp la anthu a makompyuta.

Munthu wina wosamudziwa anayankha msangamsanga. "Bwana, zimenezo ndi za kunja komwe magetsi sazima. Chotsani basi, mugone tulo. Ine ndinachotsa kalekale."

Jaffalie anachotsa chitetezo chija tsiku lomwelo, mayi Victoria osawafunsa. Alamu ija inati zii, iye n'kumayenda monyada ngati wathetsa vuto la dziko lonse.

Sankadziwa kuti kudenga makoswe ali pantchito. Tsiku lina atatafuna waya uja, seva iliyonse inaona ngati inzake yafa, ndipo onse awiri anayamba kulemba m'bokosi muja.

M'mawa umenewo namwino Memory anamupeza pakhomo. "A Jaffalie, fayilo ya mayi Mwanabibi sikutseguka. Amadwala shuga, abwera pa kabaza kuchokera ku Chowe, ndipo dzina la mankhwala awo salidziwa. Adokotala akuti sangawapatse zongolota."

Jaffalie anayesa fayilo ina, inakana. Inanso inatseguka, koma dzina linali la munthu wina, matenda a munthu wina. Ndipotu mbiri ya odwala onse inali m'bokosi limenelo. Anafunafuna mlangizi wake uja pa gulu, n'kupeza kuti anatulukamo kalekale.

Anaimbira mayi Victoria n'kuulula zonse, osabisa kanthu.

"Zimitsani seva imodzi pompano," anatero mayiwo. "Musayese kukonza chilichonse. Manja anu achita zokwanira."

"Ndazimitsa, mayi. Ndiye kuti zonse zapita?"

"Bokosilo limakopera mafayilo onse pambali m'bandakucha uliwonse. Tingopemphera kuti kope la lero ndi labwino."

Linali labwino. Makoswe aja anamaliza kudula waya dzuwa litatuluka, bokosi litakopera kale. Pofika masana mafayilo anabwerera, ndipo zinatayika ndi zolemba za m'mawa umenewo zokha. Jaffalie anakhala pansi akungoti Alhamdulillah. Kenako anabwezeretsa chitetezo chija, n'kukwera kudenga kukasintha waya.

Potsika anakumana ndi mayi Mwanabibi akutuluka, mankhwala awo atamanga kunsonga kwa chitenje. Anali atakhala pabenchi kuyambira m'mawa osadya, munthu wa shuga.

"Mwanangu, makina anuwa lero atichedwetsa," anatero akumwetulira.

"Si makina, amama," anayankha Jaffalie. "Ndine."

Phunziro: Chitetezo chikamakuvutitsani, funsani amene anachiika musanachichotse. Wokulangizani pa foni sadzakhalapo tsiku la vuto, ndipo amene adzavutike ndi anthu osalakwa. Jaffalie anapulumuka chifukwa anaulula msanga, koma si onse amachita mwayi wotere. Tumizirani anzanu onse, makamaka aja amakonda kunena kuti "chotsani basi."