Muvi Umene Sunkatsika

Panali mayi wina kwathu kuno ku Pesalai, mudzi wa asodzi m'mbali mwa nyanja, dzina lake Selvarani, amene anasowa tulo chifukwa cha kamuvi kakang'ono. Mwamuna wake Nimalan anali atasiya usodzi wa maukonde kuti azimira pansi pa nyanja kukatola nkhono zikuluzikulu zimene amalonda amalimbirana. Anali asanamirepo ndi botolo la mpweya. Zida anazigula kwa mlendo wina wa pa njinga yamoto, amene anati zinasiyidwa ndi azungu kuhotela.

Pa zidazo panali kawotchi kosonyeza mpweya wotsala m'botolo. Selvarani sukulu anailekezera panjira, koma maso anali nawo. Madzulo onse Nimalan anakhala pakhonde akuyeserera kupuma mpweya wa m'botolo, akudzitama kwa odutsa, koma muvi wa kawotchiko sunasunthe n'pang'ono pomwe.

Kutacha anamupatsa tiyi n'kufunsa kuti, "Bambo a Dilu, mpweya mumapuma dzulo uja umachokera kuti? Muvi uli pomwe paja."

"Ndiye kuti botolo ndi labwino. Iwe umadziwa la gasi wophikira basi."

"Ngakhale la gasilo limatha. Chonde kaonetseni kawotchiko kwa amalume a Soosai."

A Soosai anali mwini boti, munthu amene wakhala akugwira ntchito yomira pansi pa nyanja kwa zaka makumi atatu. Nimalan atafika kudoko anachita manyazi kunena zimene wauzidwa ndi mkazi. Koma a Soosai anaona china. Nimalan anali atamanga m'chiuno mwake mtovu wa ukonde wakale woti umuthandize kumira, atautunga pa chingwe cha nayiloni, n'kumanga mfundo ija timamangira nangula, imene imalimbiratu ikanyowa.

"Mphwanga, lamba weniweni ali kuti? Uja womasuka ndi dzanja limodzi?"

"Amalume, lamba wa chiyani? Mfundo yanga sinamasukepo chibadwire."

"N'chimene ndikuopacho. Ukupita kukatola nkhono kapena kukakhala nangula?"

Anthu anaseka. A Soosai anati adikire mawa, ayambe ayesa zida zonse m'madzi osaya. Nimalan anakana, ati mphepo isintha posachedwa, anzake atole zonse iye ali pamtunda. Anachonderera mpaka mkuluyo anagonja.

"Chabwino. Koma usatalikirane nane."

Pansi pa nyanja zinayamba bwino. Anatola nkhono zinayi. Akutola yachisanu, mpweya unayamba kuvuta kukoka, kenaka unangoti zii. Anayang'ana kawotchi: muvi ukuti botolo ndi lodzaza. Anafuna kutaya mtovu kuti akwere. Anakoka mfundo, anaikanda ndi zikhadabo, koma inachita zomwe ankaitamira zija.

A Soosai anaona kuti thovu la mpweya wa Nimalan lasiya kutuluka. Anasambira msanga, n'kudula chingwe ndi mpeni. Anafuna kumugawira mpweya wawo, koma Nimalan ndi mantha anawakankha, n'kuthamangira pamwamba m'malo mokwera pang'onopang'ono monga zimafunikira. Anthu anamukokera m'boti magazi akutuluka m'khutu ndi m'mphuno.

Kuchipatala ku Mannar anamupulumutsa. Koma khutu lakumanzere linafa, ndipo dokotala anati asadzamirenso. Foni ya mlendo uja mpaka lero siipezeka.

Selvarani sananene kuti "ndinakuuzani". Anamupukuta kumaso, anamudyetsa phala la mpunga, n'kubwerera kunyumba ndi mwana wawo Dilu.

M'mawa mwake anatenga sipanala, n'kuchotsa kawotchi kaja pa zida. Anapita kwa a Soosai kukapempha chingwe chodulidwa chija. Mwana ali m'chiuno, anakhomera zonse ziwiri pa mzati wa chisakasa choyezerapo nsomba, pamene aliyense wopita kuboti amadutsa.

Mnyamata wina amene amayeza nsomba anafunsa kuti, "Achemwali, mwatsegula sitolo?"

"Eya. Zaulere. Ungoyang'ana usanagule zako."

Ine ndimadutsa pamenepo tsiku lililonse popita kukagula nsomba. Kawotchiko kalipobe, kopanda botolo, muvi ukuti mpweya ndi wodzaza. Mfundo nayo sinamasukebe.

Phunziro: Ngati ukungoyamba kumene, usagule chida chosunga moyo wako kwa munthu wongodutsa. Chionetse kwa odziwa, chiyese m'madzi osaya, ndipo mtovu umange ndi lamba womasuka msanga. Luso la ntchito yakale likhoza kukumiza pa ntchito yatsopano. Ndipo wa pakhomo akaona chachilendo, mumvere, ngakhale sanapite patali ndi sukulu. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi m'bale wolowa m'madzi.