Kansalu ka Mayi Elisa

Panali munthu wina ku Milange kuno, bambo Euclides, ogulitsa kaunjika pamsika. Inu amene mumawoloka Ruo kudzagula zovala mwina munawaonapo, aatali, osalankhulalankhula.

Akazi awo, mayi Elisa, anali ndi chizolowezi cha anthu a kaunjika: belo likatsegulidwa, chovala sachiyala asanapise m'matumba. Ena amapezamo mabatani, ena mapepala. Iwo tsiku lina anapezamo kachidole kapulasitiki, kotalika ngati chala, timanja topindika ngati mbedza, kumutu chisoti. Ndi tija timabwera ndi tinjerwa ta ana tomangira, totengera anthu a m'mafilimu a nkhondo za kunyenyezi. Pa zaka makumi awiri anatola tidole naini.

Mayi Elisa sukulu sanapiteko, ndiye tidoleto ndito tinali kalendala yawo.

"Aka ndinakapeza chaka chomwe tinafolera malata. Aka chaka cha madzi osefukira. Kakuda aka, ndili ndi pakati pa Rosinha."

Kakudako kanabwera kosavala, ndiye anang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje chawo chobiriwira n'kukamangirira pakhosi. "Kangazizidwe," anatero akuseka.

Mayi Elisa atamwalira anawaika m'manda atawafunditsa chitenje chomwecho. Zovala zina abale anagawana, osasiyako ngakhale duku. Rosinha, mwana wawo yekhayo, anali atakwatiwa ku Quelimane. Bambo aja anatsala okha ndi tidole naini pawindo. M'mawa akamamwa tiyi ankatenga kamodzi, n'kumakauza zomwe alota.

Rosinha ankawakumbutsa pafoni: "Papa, tidole ta mama musapatse munthu. Kakuda kaja ndidzatenga ndikadzabereka."

"Ndipatse ndani, mwanawe? Kuno amabwera ndani?"

Ndiye wobwerayo anabweradi. Mwamuna wina wa njinga yamoto, ankati dzina lake ndi Sidónio, anaima kupempha madzi akumwa. Maso ake anagwera pawindo paja. Anakhala pansi, n'kufunsa za kachidole kalikonse. Bambo Euclides anafotokoza za malata, za madzi osefukira, za mimba ya Rosinha. Chimwalirireni akazi awo, panalibe munthu anawamvetsera nthawi yaitali chonchi. Tsiku limenelo anaphika tiyi wa anthu awiri.

Sidónio anabweranso kachiwiri, kachitatu. Ulendo wachinayi anafika ndi jumbo yodzadza tidole, atayamba kale kuwaitana kuti tiyu, ndiye kuti amalume pa Chipwitikizi.

"Tiyu, nyumba yonseyi anthu naini okha? Ine ndakubweretserani fifite, atsopano, onyezimira. Muzichita kusowa pokhala! Nkhalamba zanuzi mundipatse, ndikazisunge ine."

"Koma mwana wanga anati..."

"Mwana wanu ali ku Quelimane, tiyu. Amene amakuyenderani ndani?"

Bambo aja anaopa kuti akakana, mnzawo mmodzi yekhayu sabweranso. Anavomera.

Sidónio anatenga kamodzikamodzi, kukatembenuza, kuyang'anitsitsa kumapazi ndi pakhosi ngati munthu wogula mbuzi. Atafika pa kakuda kaja anasolola kansalu kobiriwira n'kukataya pansi.

"Ichi si chake. Chikungoipitsa."

Bambo Euclides anamva, koma manja anali m'jumbo, akutulutsa alendo awo atsopano. Masana omwewo anasesa pabwalo monga mwa masiku onse, n'kutentha zinyalala kudzala.

M'mawa mwake anandandalika fifite aja pawindo. Onse nkhope imodzi, chisoti chimodzi. Ukangogwira, mkono pululu pansi. Anatenga kamodzi kuti akauze maloto, koma anasowa poyambira. Aka n'ka chaka chiti? Elisa anakapeza m'thumba la chovala chanji? Palibe. Tiyi anazizira m'kapu.

Sidónio sanabwerenso. Nambala yake inkangoti siyikupezeka. Bambo aja anapalasa njinga mpaka ku Muloza, kufunsa anyamata a kabaza, palibe anamudziwa. Kenako anthu anawauza kuti tidole takale tija timasakidwa kwambiri ndi anthu otisonkhanitsa m'mizinda ikuluikulu, pomwe fifite aja ndi achinyengo. Koma si zimenezo zinawapweteka ayi.

Patapita miyezi inayi Rosinha anafika ndi khanda kumsana, kamtsikana, dzina lake Elisa. Atangolowa anayang'ana pawindo.

"Papa, awa ndani?"

Bambo ake anafotokoza zonse, maso ali pansi. Rosinha sanakalipe. Anapumira m'mwamba n'kukhala pampando wa mayi ake.

"Chidolecho chipite, papa, n'chapulasitiki. Ndipatseni kansalu kokha. Ndimafuna ndikasokerere pa kachipewa ka mwanayu, naye akhudzeko chovala cha agogo ake."

Apo m'pamene bambo Euclides anakumbukira tsache lija. Anadzuka, ulendo wa kudzala. Anafukula phulusa ndi manja awo. Mvula inali itagwapo kangapo. Anapezamo chitsekerero cha botolo ndi msomali wadzimbiri, basi.

Rosinha anakhala masiku atatu n'kubwerera, kachipewa kali choncho.

Mpaka lero, belo likamatsegulidwa pamsika, ngakhale la munthu wina, mudzawaona bambo aja ataima pambali. Amapempha mwaulemu: "Ndipiseko m'matumba." Anzawo amawalola. Amadziwa kuti chimene akufunacho sichibwera m'belo.

Phunziro: Munthu amene wakhala yekha nthawi yaitali amagulika ndi kucheza kokha. Musasinthanitse chimene anakusiyirani wokondedwa wanu ndi zonyezimira za mlendo, ndipo mwana wanu akakuchenjezani, mverani. Nanunso ana, makolo anu muziwayendera, foni yokha siyimwa nawo tiyi. Mukapanda kupita inu, apita a Sidónio. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi kholo lokhala lokha.