Maola a Nasimango

Lamulo linkalola munthu kuuluka maola khumi ndi awiri okha moyo wake wonse. Nasimango sanakhudzeko ake, ankasungira tsiku limene mwana wake Ulemu adzachire ku London.

Mdzukulu atabadwa, anamanga ufa ndi mankhwala osambitsira khanda, ndipo amuna ake, a Mbendera, anamuperekeza ku bwalo la ndege.

Kalaliki anayang'ana pakompyuta. "London imadya maola onsewo, mayi, koma inu mwatsala ndi awiri. Chaka chatha munapita ku Joni kawiri ndi bambowa."

"Ine? Ndege sindinaikwerepo."

A Mbendera anangoti zyoli.

Nasimango anatula ufa uja pansi. "Bambo a Ulemu, mkazi wanu winayo munamupatsa dzina langa ndi maola anga omwe. Nanga khandali akalisambitsa ndi iyeyo?"