Chipweyo ndi Msuweni Wake Wodziwa Kubira

Padangotero, padambo lina la gumbwa pankakhala abakha awiri apachisuweni: Chipweyo woimba mluzu, ndi Msanawoyera, katswiri wobira pansi pa madzi.

Msanawoyera ankanyadira luso lakelo. "Asuweni, inu bango likangoti tswa, mwauluka kale. Ine ndimangoti m'madzi phava, mdani n'kutsala kukamwa yasa."

"Asodzi akubwera ndi maukonde," anatero Chipweyo. "Tiyeni tisamuke."

"Samukani nokha, amantha inu. Tione amene apulumutse ana ake."

Mabwato atatulukira, Chipweyo analiza mluzu, banja lake lonse n'kuulukira kuminda ya mpunga. Msanawoyera anaseka, n'kulamula ana ake kuti abire monga mwa masiku onse. Koma ukonde sunali pamwamba ayi, unali pansi pomwe iye ankadalirapo. Msanawoyera anapulumukira pobooka pa ukondewo, nthenga zitathothoka. Atayandama anaitana, n'kuitananso, koma anangoyankha mwana mmodzi.

Lero achipweyo amadetsa thambo akamauluka, pomwe a mtundu wa Msanawoyera mungapalase bwato dzinja lonse osawaona. Ndipo otsala ochepawo akangoona bwato, amabirabe.