Desiki ya Akalaliki

Ndinabwerera ku ofesi kutada kukatenga chaja yanga. Amisiri anali atagwetsa makoma onse a matabwa, poti masiku ano aliyense amangokhala pa desiki imene wapeza, ena n'kumagwirira ntchito kunyumba.

Pakona, pamene kale pankakhala akalaliki athu achikulire, ndinapeza eniakewo ataima, kapu yawo ya tiyi ili m'manja. Panali patapita nthawi tisanawaone, koma palibe amene anafunsa za iwo. Tonse tinkangoti akugwirira kunyumba.

"Mwanawe, desiki yanga mwaika kuti?" anandifunsa.

"Anagulitsa, bambo. Bwanji osangogwirira kunyumba?"

"Kumene anandigoneka kulibe tebulo."

Atatembenukira kowala, ndinaona thonje m'mphuno mwawo.

"Nanga iwe," anatero motsitsa mawu, "kwanu tebulo lilipo?"

Ndinaliyatsa liwiro, chaja n'kuisiya pomwepo.

Nditafika kunyumba, mwana wanga wamkazi ananditsegulira chitseko akumwetulira.

"Amayi, agogo a kuntchito kwanu abweretsa chaja yanu. Ndawakhazika pa tebulo lanu lija. Akuti mawa musavutike n'kudzuka, ntchito ayamba okha."