Kagetsi Kobiriwira ka a Telala

Panali munthu wina, telala, amene ankasokera pakhonde la nyumba yake, kumapeto kwa tauni komwe msewu wa tala umathera. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi, ndipo mpaka lero imandiwawa mumtima.

Telalayu anali ndi galimoto yakale ya otomatiki imene mkulu wake anamusiyira. Sinkayendayenda, poti ulendo wa telala umathera pa makina osokera. Koma mkazi wake atakhala ndi pakati, patadutsa zaka zambiri akulirira mwana, galimotoyo inasanduka chinthu cha mtengo wapatali. Kusikelo anawauza mosabisa kuti mwana wagona mopingasa, choncho matenda akangoyamba athamangire kuchipatala chachikulu.

Vuto linali batire. Galimoto ikaima nthawi yaitali, batire limatha moto lokha. Mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, anali makaniko, ndipo anamulangiza.

"Alamu, gulani kasola kakang'ono muike padenga la galimotoyi. Koma pakati pa sola ndi batire pamafunika kontirola, kabokosi kamene kamadula moto batire likadzaza. Popanda iko, dzuwa limaphika batire. Mukagule m'sitolo, akakuyesereni inu mukuona. Ndipo galimotoyi muziiliza pafupipafupi."

Telala anavomera, koma khutu lina linali kunja. Atafika m'tauni, asanalowe n'komwe m'sitolo, anakumana ndi munthu wina atayala katundu pa thumba m'mbali mwa msewu.

"Bwana wanga, m'sitolomo mukangolipirira magalasi a pazenera," anatero munthuyo. "Kabokosi kawoko ndi kangaka n'chimodzimodzi. Kanga kaposa, kali ndi kagetsi. Kakayaka mobiriwira, gonani tulo, batire lanu lili bwinobwino."

Atelala ndi zinthu zowala, inu mukudziwa. Anagula kabokosiko, n'kuwonjezera sola yaikulu kuposa imene mlamu wake ananena, ati kuti moto uzichuluka. Kunyumba analumikiza yekha, kagetsi n'kuyaka. M'mawa uliwonse asanakhale pa makina ankasuzumira pawindo la galimoto, n'kuona kobiriwira, mtima n'kukhala m'malo. Zoiliza ayi. Ankati mafuta akusungira tsiku lalikulu.

Tsiku lina mkazi wake akuyanika zovala anaima n'kugwira mphuno.

"Abambo, pagalimotopa pakumveka fungo la mazira owola."

"Aa, mimba imeneyinso! Dzulo mumati sopo akununkha nsomba, lero galimoto yayamba kuikira mazira?"

Mkaziyo anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Mlamu ataimba foni kufunsa ngati akumailiza, telala anati, "Kagetsi kakuyaka, alamu, musade nkhawa." Atatero anabwerera kukasoka timalaya ta mwana kuchokera ku zidutswa za nsalu zotsala.

Tsiku lalikululo linafika masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ambiri ali kuntchito. Mkaziyo anakuwa ali kukhitchini kuti nsupa yasweka. Telala anamunyamula, n'kumugoneka pa mpando wakumbuyo, n'kupotokola kiyi.

Kha.

Anapotokolanso. Zii. Anayang'ana kabokosi, kagetsi kali gaa, kobiriwira ngati masiku onse. Atatsegula boneti fungo lija linamumenya kumaso. Batire linali litatupa, likutentha ngati mbaula, madzi a m'kati ataumiratu.

Amayi oyandikana nawo anabwera akuthamanga, pamodzi ndi mkulu wina wopuma ntchito.

"Tikankhe!" anatero mayi mmodzi.

"Ya otomatiki siilira ndi kukankha," anayankha mkuluyo motsitsa mawu.

Anakankhabe mpaka pageti, chifukwa kungoima manja lende kunali kowawa kwambiri. Telala anaimbira mlamu wake, koma anali kutali, akukonza lole imene inafera panjira. Anaimbira ambulansi, anamuuza kuti yatuluka, adikire. Kunabwera wa njinga yamoto, koma mkazi wa telalayo sakanatha ngakhale kukhala tsonga.

"Abambo, lizani galimoto," ankatero mkaziyo, thukuta lili kamukamu. "Chonde lizani."

Sanamukalipire, sanamukumbutse za mazira owola. Ankangopempha. Telala ankapotokola kiyi uku misozi ikutsika, akudziwa bwino lomwe kuti palibe chimene chichitike. Manja omwe ankatha kulowetsa ulusi m'singano osayang'ana, tsiku limenelo analibe ntchito.

Dzuwa litapendeka mpamene anaimitsa lole ya mchenga, imene inawatenga. Kuchipatala madokotala anayesetsa, mkaziyo anapulumuka. Mwana sanalire.

Patapita masiku mlamu uja anabwera. Anachotsa mawaya ku batire lakufalo, koma kagetsi sikanazime, poti moto wake kankatenga ku sola. Anamasula kabokosiko n'kukatsegula pamaso pa telala. M'kati munali mawaya awiri ongodutsa, ndi kababu kamodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Alamu, nditukwaneni," anatero telala. "Mwina ndingapepukidwe."

Mlamuyo anangopukusa mutu n'kulowa m'nyumba kukaona mlongo wake. Telala anatsala pakhonde, kabokosi kali m'manja, pafupi ndi makina pomwe timalaya tija tinali titapindidwa bwinobwino. Akuti mpaka pano sanatichotsepo, ndipo mkazi wake akamasesa amangotilambalala.

Phunziro: Abale anga, wakutsina khutu ndi mnansi. Musagule kontirola ya sola kwa munthu amene mawa simudzamupeza, ndipo musakhulupirire kagetsi. Galimoto imene mukuidalira pa tsiku la mavuto muziiliza lero, mavutowo asanafike. Wa m'nyumba mwanu akati pakununkha, dzukani mukaone, musamuseke. Tumizirani ena uthengawu, makamaka amene ali ndi wodwala kapena woyembekezera pakhomo.