Chithunzi cha Bwinja

"Mayi, chotsani anawa pakhondepo," anatero Whiteson, wojambula zithunzi wochokera ku Blantyre, akukonza kamera yake.

Mayiwo anali Lenia, wokhala panyumbapo. Atamva kuti kwabwera wojambula, iye anali atasesa bwalo, kusambitsa ana m'chisanu cha Juni, n'kuwaveka zovala za kutchalitchi. Nyumbayo inali ya mzungu wa fodya amene anabwerera kwawo dziko litalandira ufulu, ndipo banja la Lenia, lomwe linkamulimira, linalowamo.

"Nanga mujambula ndani, bambo?"

"Ine ndimajambula mabwinja ndi mapiri. Mwandionongera malo ndi kusesa kwanuku."

Whiteson anakatapa zinyalala kudzala n'kuzimwaza pabwalo, ana akunjenjemera kuseri kwa nyumba. Lenia analavula malovu pansi.

"Munthu wamkulu kuoloka malire pa Mwami kudzajambula nyansi! Ana angawa achepa kuposa zinyalala?"

Patapita mwezi, pabwalopo panaima galimoto. Munatuluka bwana wina wa ku Chipata atanyamula nyuzipepala yokhala ndi chithunzi cha nyumbayo chimene Whiteson anajambula.

"Famu ino ndagula ine," anatero akuloza chithunzicho. "Nanga inu mukutani pano? Apa alemba kuti nyumbayi simukhala anthu."